Mimba ya Che Bwanali

Kufika kumalire, 1987

Ana anga, nkhani za kusukulu ya zachipatala ndakuuzani kambirimbiri, mpaka ena a inu mumayamba kuyasamula ndikangotsegula pakamwa, choncho pano ndizilumpha. Ndiyambire pamene ntchito inayambira. Nditamaliza maphunziro a umedikolo asisitanti, ananditumiza ku kachipatala kena m'dera la Katuli, kufupi ndi malire a Mozambiki. Ine mwana wa ku Ntcheu, wozolowera kuzizira ndi mbatata ya kachewere, ndinakwera pamwamba pa matumba a chimanga m'lole pa boma la Mangochi, tinawoloka Shire n'kuyamba kukwera mapiri aja. Pofika ndinali nditafiira ndi fumbi kuyambira kumutu mpaka kunsapato, moti namwino amene ndinamupeza pakhomo sanandifunse n'komwe dzina, anangondilozera benchi ya odwala. Ndinapsa mtima, ndipo ndinamuyankha mawu amene sindingawalembe muno. Namwinoyo ndi mayi anuwa, ndipo mpaka lero amaumirira kuti ndinkaonekadi ngati wodwala.

Nkhondo ya kutsidya inali itakula nthawi imeneyo. Anthu ankatulukira m'tinjira ta m'tchire ndi mitolo pamutu, ena akukoka mbuzi, wina ndinamuona atasenza makina osokera opanda miyendo. Ambiri amene anafikira m'dera lathulo sanapite kumakampu a othawa nkhondo. Anali ndi abale mbali ino, Chiyao chake chomwecho, mzikiti womwewo, ndiye ankangopatsidwa kamalo kumapeto kwa mudzi n'kumanga. Kwa ife achipatala zinatanthauza kuti mzere unkayambira pakhomo n'kukathera kumsewu, ndipo mankhwala a mwezi wathunthu ankatha mwezi usanafike pakati. Mkulu wathu, a Matewere, anali munthu wabwino mtima koma wouma manja. Kiyi wa kabati ya mankhwala ankamumangirira pa lamba, ndipo kuti akupatse bandeji unkayenera kufotokoza ngati ukufunsira mbeta. Komabe ndi iwowo amene anandiphunzitsa kusoka bala ndi ulusi wochepa, kuwiritsa masingano pa mbaula mafuta akatha, ndi kufunsa wodwala m'Chiyao popanda kumuseketsa kwambiri. Ndinkatopa zaka zimenezo, koma sindikumbukira nthawi ina imene ndinasangalala ndi ntchito kuposa pamenepo.

Malungo ndi kutsegula m'mimba tinkadziwa pogwira. Chimene chinkatigonjetsa chinali zilonda za m'mimba. Munthu ankabwera atagwira pamwamba pa mchombo, n'kunena kuti mukuotcha ngati wameza khala la moto. Kusukulu anatiphunzitsa kuti zilondazi zimabwera ndi maganizo, tsabola ndi kukhalitsa ndi njala, ndipo madokotala akuluakulu ankanena zomwezo. Tinkawapatsa mankhwala oyera aja okhala ngati laimu wopakira nyumba, n'kuwalangiza kuti azimwa mkaka, asiye tsabola ndi mandimu, ndipo asamaganize kwambiri. Tangoganizani kumuuza munthu amene wasiya nyumba ikuyaka kutsidya kuti asamaganize. Ankatithokoza mwaulemu, mimba inkazizira masabata angapo, kenako ankabweranso.

Mmodzi mwa obwerabwerawo anali Che Bwanali, wothawa nkhondo amene anamanga uvuni wa njerwa kuseri kwa msika n'kuyamba kuphika buledi wa Chipwitikizi, wolimba kunja, wofewa mkati. Sindinadyeponso buledi wokoma ngati ameneyo. Che Bwanali anali munthu wamanyazi, woseka ndi maso okha. Anakwatira mtsikana wa pamudzi pomwepo dzina lake Asiyatu, n'kukakhala kuchikamwini monga mwa mwambo. Pothawa anabwera ndi mlongo wawo wamkulu, Abiti Omari, mayi wamasiye amene ana ake onse ankadalira uvuni wa amalume awo. Abiti Omari anali aatali, a mawu omveka kutali, ndipo pamsika panalibe amene ankafuna kukangana nawo. Koma ine ndinkawadziwa mbali ina. Tsiku la msika ankalowera khomo lakuseri n'kunong'ona kuti akufuna mankhwala oyera a achimwene awo. Ulendo wina ndinawagoneka pabedi n'kuwadina pamimba, ndipo anatsala pang'ono kundiwaza khofi ndi ululu. Apo m'pamene anavomera kuti mimbayo inkawaotcha kuyambira ali mtsikana. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, chifukwa ana amene anataya kale bambo awo sankayenera kudziwa kuti mayi awonso ndi odwala.

Chaka cha chilala, 1992

Chimanga chinapserera m'minda, ndipo Ramadani anagwera m'miyezi ya njala yomweyo. Shehe anawauza Che Bwanali kuti wodwala amaloledwa kudya, koma iwo anasala ndithu, kuopa maso a anzawo kumzikiti. Mimba inawapinda pawiri. Anaonda mpaka mkanjo unkangolendewera, ndipo uvuni unazizira. Abiti Omari anachita mantha, ndipo mantha a mayi ameneyo ankatuluka ngati ukali. Anayamba kunena pamsika kuti achipatala anena okha kuti matendawa ndi a maganizo ndi zakudya, nanga amene amawaphikira achimwene awo ndani, amene amawapatsa maganizo ndani? Mawu athu omwe aja anasanduka umboni. Posakhalitsa nkhani inamera mapiko, anthu n'kumati Asiyatu amathira mankhwala achikondi m'ndiwo ndipo ndi amene akuwadya amuna ake m'mimba. Tsiku lina Abiti Omari anapita ndi njinga yobwereka, n'kukawatenga achimwene awo pamodzi ndi mphasa yawo. Ankhoswe a mbali zonse anagwirizana kuti Idi ikangodutsa akhale pansi athetse banjalo.

Asiyatu anabwera kunyumba kwathu kwa mayi anu. Sanalire mokweza. Anangokhala pakhonde n'kumasosola ulusi wa chitenje chake, akunena kuti tsabola anasiya kalekale, tomato anasiya, mchere ankangowaza pang'ono, ndiye asiyenso chiyani. Che Bwanali ankamukonda mkazi wawo, aliyense ankadziwa, koma munthu wamanyazi akadwala amangopita kumene wamukokera wamphamvu. Zinandipweteka mtima kwambiri.

Masiku omwewo anatiitanira ku msonkhano wa ogwira ntchito zachipatala kuboma. Kunabwera dokotala wachinyamata, a Nyirenda, amene anali atangobwera kumene kuchokera kumaphunziro kunja. Anaima kutsogolo n'kunena kuti zilonda zambiri za m'mimba siziyamba ndi maganizo ayi, zimayamba ndi kachilombo kopindika kamene kamabisala m'khoma la chifu. Holo yonse inaseka. A Matewere anaimirira n'kunena mwaulemu wonse kuti m'chifu muli asidi wosungunula fupa la chambo, ndiye kachilomboko kamavala chiyani kuti kakhalemo. A Nyirenda sanakwiye. Anatitengera kuchipinda kumene anali ndi paipi yakuda yokhala ndi kanyali kunsonga, yobwereka kwa kanthawi kochepa. Wodwala ankaimeza, dokotala n'kusuzumira m'chifu, kenako n'kutsina kanyama kakang'ono ngati njere ya chitowe. Kanyamako ankakaponya m'kabotolo ka madzi achikasu osungunuliramo yureya, mbale wake wa fetereza yemweyu koma woyera wa kulabu. Kachilomboko kakakhalapo kamaswa yureyayo, madzi n'kusanduka ofiirira. Tinaona ndi maso athu kabotolo kamodzi kakusintha, ndipo a Matewere anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuyang'ananso.

Koma mawu amene anandiimitsa mutu anabwera kumapeto. A Nyirenda anati kachilomboka anthu ambiri amakatenga ali ana, m'nyumba ya makolo awo, kudzera m'madzi ndi kudyera pamodzi, ndipo kamatha kukhala zaka zambiri, ena osawadwalitsa n'komwe. Anati mankhwala opha kachilomboko alipo, a masabata awiri okha. Njira yonse yobwerera ndinali pa Che Bwanali ndi mlongo wawo, ana a nyumba imodzi, mimba ziwiri zootcha pamalo amodzi. Ngati zinali choncho, ndiye kuti matendawo anawoloka nawo malire Asiyatu asanawaphikirepo ngakhale tiyi.

Apa m'pamene panali povuta pa zaka zanga zonse za ntchito. Ankhoswe anali atandipempha kale kuti ndidzafotokoze za matenda a Che Bwanali pabwalo lawo. Ndinkadziwa kuti mawu amodzi okha, akuti amene akuimba mlanduwo nawonso amadwala zomwezo kuyambira utsikana, akanapulumutsa banja la Asiyatu nthawi yomweyo. Koma mawuwo sanali anga. Anali a wodwala amene anandiuza atagona pabedi langa la chipatala. Mayi anu, amene ankadziwa chifukwa ndiwo ankawatsegulira khomo lakuseri lija, anandiuza kuti ndinene basi, chinsinsi sichingapose banja la mwana wosalakwa. Ine ndinati ndikanena kamodzi, palibe mzimayi wa dera lino amene adzandiuzenso zoona za thupi lake. Tinakangana mpaka anasiya kundiyankhula, ankangondiikira chakudya patebulo n'kutuluka. A Matewere anati za mabanja a eni ndisalowemo. Ndinatsimikiza mumtima kuti pabwalopo sindidzanena, ngakhale banjalo lithe ndikuona, koma ndisanagonje ndikaonane kaye ndi mwini chinsinsi.

Ndinawapeza Abiti Omari akupeta mphale ya chimanga cholandira. Anandipatsa mpando koma nkhope sanandipatse. Ndinawafotokozera zonse za kachilombo, paipi ndi kabotolo, ndipo ndinawatsimikizira kuti za mimba yawo sizidzatuluka pakamwa panga, kaya pabwalo kaya kwina kulikonse. Ndinangowapempha kuti poperekeza achimwene awo kuboma kukayezedwa ndi a Nyirenda, nawonso akayezetse, chifukwa moto wa zaka zonsezo ukhoza kuzima. Anapitiriza kupeta kwa nthawi yaitali, kenako anaika lichero pansi.

"Adokotala, kabotolo kanuko kamanama?"

Ndinati sindinakaone kakunama.

"Ndiye ndimeza paipi yanuyo. Yanga ndi mimba ya njala ndi umasiye. Ya achimwene ndi ya m'mbale ya mkazi uja. Mudzaona nokha kuti timabotoloto sitifanana, Walahi."

Sanapite kuti akachire. Anapita kuti akandichititse manyazi, ndipo ine ndinavomera ndi manja awiri.

Idi itadutsa

Tinapeza malo m'galimoto ya chipatala imene inkakatenga mankhwala kuboma. Dokotala ankafuna anthu osadya kanthu m'mawa, ndipo kwa anthu amene anali atangomaliza mwezi wosala zimenezo sizinali nkhani. Che Bwanali ndiwo anayamba. Anagwira dzanja langa mpaka zala zinachita dzanzi, misozi ikutsikira m'makutu, ndipo a Nyirenda atasuzumira anandiitana kuti ndione chilonda chenichenicho, choyera pakati, chofiira m'mbali. Zaka zonsezo ndinkachiza chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Abiti Omari anameza paipiyo ngati akumeza nthochi, ndipo itangotuluka anawadzudzula a Nyirenda kuti manja awo ndi ozizira ngati a munthu wosadya. Dokotalayo anaseka mpaka anatsamira khoma.

Anatipatsa timabotolo tiwiri, kalikonse ndi dzina lake, tikadikire pabenchi ya pakhonde. Ka Che Bwanali sikanachedwe. Chikasu chija chinayamba kufiira kuzungulira kanyama kaja, kenako botolo lonse. Abiti Omari anandiyang'ana ndi diso lakuti mwaona, n'kukweza kawo m'mwamba kuti dzuwa likawale bwino, kakadali kachikasu. Anakagwira choncho monyadira. Ndiye pansi pake panaoneka kadontho kofiirira. Anakapukuta ndi mpango ngati kuti kada kunja. Kadonthoko kanakula. Ine ndinayang'ana kumbali, kunamizira kuwerenga chikwangwani cha katemera.

Amene anayamba kuyankhula anali Che Bwanali. Anawafunsa alongo awo motsitsa mawu ngati akukumbukira mmene mayi awo ankawamwetsera chidulo onse awiri, kutsidya kuja, mimba zikawavuta ali ana. Abiti Omari anatenga timabotolo tonse tiwiri n'kutimanga pansonga ya mpango wawo, ndipo ulendo wonse wobwerera, m'mabampu onse a mapiri aja, anaufumbata mpangowo m'manja. Sindinkadziwa ngati akatitaye m'chimbudzi kapena ayi.

Bwalo linakhala pakhomo pa amalume ake a Asiyatu, amuna pamipando, amayi pamphasa. Asiyatu anakhala payekha kumapeto, atawerama. Che Bwanali anali atandilola kunena za iwo, choncho ndinafotokoza za chilonda chimene ndinachiona ndi kachilombo kamene kanapezeka, ndi kuti kawirikawiri munthu amakatenga ali mwana. Ankamvetsera bwino. Koma nkhoswe ya kuchimuna, mkulu wina wa ndevu zoyera, anafunsa funso limene ndinkaliopa. Anati kawirikawiri si nthawi zonse, ndipo ngati kachilomboko kamalowera pakamwa, ndani angatsutse kuti kanalowera m'mbale ya mkaziyu? Anthu anagwedeza mitu kuvomereza. Yankho linali pa lilime langa, likundiyabwa, ndipo mwini wake anali atakhala patsogolo panga pomwepo akuyang'ana pansi. Mayi anu, amene anabwera kudzakhala pafupi ndi Asiyatu, anandiponyera diso limene sindidzaliiwala. Ndinati ndilibe china chowonjezera, n'kukhala pansi. Mumtima ndinati banja latha, ndipo kunyumba kwanganso sikukhala bwino.

Nkhosweyo inali itayamba kale kukonza kukhosi kuti imange nkhani pamene Abiti Omari anayamba kumasula mpango. Anamasula pang'onopang'ono, mfundoyo inali yolimba. Anaika timabotolo tiwiri pamphasa, tonse tofiirira mofanana, n'kukankhira kamodzi kutsogolo ndi chala.

"Aka ndi ka achimwene. Aka ndi kanga. Mimba imeneyi yandiotcha kuyambira ndisanavinidwe, ndipo chakudya cha alamu angawa sindinakulire nacho. Tinachoka nako kwa amayi athu kachilomboka. Mwanayu ndamunamizira ine, ndipo ndanena pamaso panu kuti pasadzakhale wina wonena kuti sanamve."

Mwana wamkulu wamkazi wa Abiti Omari anayamba kusisima atamva koyamba kuti mayi ake akhala akudwala zaka zonsezo. Nkhoswe ya ndevu ija inatola timabotoloto, kutiyang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti mlandu ulibenso mwini. Kenako anamufunsa Asiyatu ngati ali ndi mawu, chifukwa wolakwiridwa anali iye, ndipo akanakhoza kukana kuwalandiranso amuna ake. Asiyatu atadzutsa mutu sanayang'ane amuna ake, anayang'ana alamu ake. Anati wamva kuti mankhwalawo ndi a masabata awiri ndipo ndi ovuta kumwa m'mimba mopanda kanthu, choncho odwala onse awiri akagone kwa iye, aziwaphikira pamodzi, chifukwa nkhuni za moto uwiri chaka chino palibe.

Ine ndinaimiriranso mwachimwemwe n'kuchenjeza kuti amodzi mwa mankhwalawo amadetsa lilime bii, ndiye pasapezeke wina woyambitsa mlandu watsopano akaona malilime akuda m'nyumba ya Asiyatu. Anthu anaseka mpaka amalume ake anagwetsa chipewa. Pobwerera mayi anu anakwera pakaliyala ya njinga yanga osaitanidwa, ndipo tisanafike kunyumba anali atayamba kundiuza kuti ndimapalasa ngati nkhalamba.

Onse awiri anachira, ndipo sanabwerenso kudzafuna mankhwala oyera aja, kaya pakhomo lakutsogolo kaya lakuseri. Uvuni unayakanso mvula isanagwe. Koma chimene ndikufuna muchisunge ndi m'mawa wa tsiku loyamba la mankhwala, pamene ndinapita kukawaonetsa kamwedwe kake. Ndinawapeza Che Bwanali ndi alongo awo atakhala pamphasa imodzi pakhonde la Asiyatu. Iye anatuluka ndi mbale ziwiri za phala la mpunga, mpunga umene anausunga kuyambira pa Idi, n'kugwada kupereka. Che Bwanali anayamba kumwa nthawi yomweyo. Abiti Omari anaiyang'ana mbale yawo nthawi yaitali. Chiyambire mkangano uja anali asanalawe kanthu kochokera m'manja mwa mlamu wawo, ndipo tonse tinkadziwa, ngakhale aliyense ankanamizira kuyang'ana nkhuku. Anailandira ndi manja awiri, anatapa ndi supuni, anameza, anatapanso kachiwiri ndi kachitatu.

"Shuga wachepa, alamu," anatero.

Asiyatu anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira. Anapukuta m'maso ndi chitenje n'kuyankha kuti mawa awonjezera.